Nsanza za pa ng'oma za Ezelina

Lachiwiri, 3 Novembala 2009. Mtunthama.

Masiku khumi ndi awiri chimwalirire Ezelina. Anthu a pamaliro onse anapita. Nyumba yakula.

M'mawa ndatsegula buku. Tsamba limodzi katatu, osamva kanthu. Ndatseka, ndatsegula lina. Chimodzimodzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana a sukulu mu laibulale kuti buku silithawa munthu pa mavuto. Lero langondiyang'ana.

Miyendo ikukana mpando. Ndasesa pakhonde kawiri. Kenako ndalowa m'chipinda chake cha ng'oma, chija ankandiletsa. "A Mabuku, inu zanu ndi mashelefu. Muno musavutikemo." Ndinkayesa ndi manyazi chabe, poti munali mosalongosoka. Ng'oma milumilu, zina pakona, zina pansi pa zenera, yaikulu itatsamirana ndi kakang'ono. Iliyonse yomangidwa kansanza kofiirira ndi fumbi.

Ndakonza. Nsanza zonse ndadula, ndatentha kudzala pamodzi ndi zinyalala. Ng'oma iliyonse ndapukuta. Ndaziimika motsatira msinkhu, yaitali ku khoma la kumadzulo, kutsika mpaka kakafupi pafupi ndi chitseko. Manambala a choko, 1 mpaka 19. Zikuoneka bwino. Chichitikire zija, n'koyamba kuti manja anga ayambe chinthu n'kuchimaliza.

Kutentha. Mtambo ndi umodzi womwe kulibe.

Lachinayi, 5 Novembala

Kunabwera alamu a Kalekeni ochokera ku Lisasadzi, mlongo wake wamkulu wa Ezelina. Munthu wabwino, wa mawu ochepa. Akuti akuluakulu agwirizana: Loweruka pa 21 ndi tsiku londisudzula. Adzanena pamaso pa anthu kuti ukwati watha, ndine womasuka kubwerera kwathu ku Ntchisi. Tsiku lomwelo katundu yense wa malemu apite kumudzi akagawidwe. Ana Mulungu sanatipatse, ndiye palibe chotsala muno.

Ndinawaonetsa zonse. Zitenje, makina osokera, sutikesi. Njinga anati ikhale: "Matayala ake anatha kale, musatisenzetse." Pa ng'oma anaima nthawi yaitali. Ndinati alamu, izi si zake, ankangosungira anthu. Iwo: "Anthu ake ati? Dzina lili pati?" Ndinaloza manambala anga a choko. Anaseka pang'ono. "Ngati zili ndi eni, eniwo atenge tsikulo lisanadutse. Zotsala ndi za mlongo wanga."

Akuti munthu wina wogulitsa ziboliboli kwa alendo okaona nyama ku Lifupa anafunsapo kale. Amaika galasi pamwamba pa chikopa, ng'oma n'kusanduka tebulo.

Tebulo. Poikapo makapu.

Masana ndinakwera minibasi kupita ku boma, ku ofesi ya Ezelina ya zaluso ndi chikhalidwe. Wolowa m'malo sanafike. Mayi wotayipa anandifunira m'mafayilo onse mokoma mtima. Ng'omazo si za ofesi, sizinalembedwe paliponse. "Amayi ankasunga m'mutu," anatero, n'kuyamba kulira. Wotonthoza ndinakhala ine.

Loweruka, 7 Novembala

Ndalakwa. Ndilembe bwinobwino kuti mawa ndisadzinamize.

Kunabwera mayi wina, a Fainala, tenanti wa pa esiteti ina ya fodya kumwera kuno, kwawo ku Thyolo. Uthenga wa maliro unawafika mochedwa. Anayamba kulira ali ku msewu. Atakhala pansi ndinawafotokozera za pa 21. Anati, "Zimenezo n'zosavuta, bambo. Zathu za tchopa ndi za nsanza yofiira. A tchopa a ku Phalombe yobiriwira, a beni yachikasu, a vimbuza yoyera. A ku Nsanje yamaluwamaluwa."

Ndinatsegula chitseko cha chipinda cha ng'oma.

Anaima pakhomo, dzanja pakamwa. "Mayo ine! Wazifoletsa ndani ngati ana a sukulu?"

Ndinati ndine.

Sanandikalipire. Kukanakhala bwino akanatero. Anangondifotokozera pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi mwana wa Fomu 1. Tenanti amabwera pa lole ndi banja lake ndi mtolo umodzi. Nyumba ndi yaudzu, yodontha. Chaka chino esiteti iyi, chaka cha mawa ina. Ng'oma ikakhala m'kanyumba kotero chiswe chimadya, kapena imatsala posamuka. Ndiye kwa zaka khumi ndi chimodzi magulu asanu akhala akusiya ng'oma zawo kwa Ezelina, n'kudzazitenga mu Ogasiti fodya akagulitsidwa, pa chikondwerero chake chija cha pa bwalo la mpira. Mulu uliwonse unali gulu. Yaikulu ndi kakang'ono zinkatsamirana chifukwa zimalira pamodzi.

Chipinda chija chinali chokonzedwa kale. Ine ndi amene sindinadziwe kuchiwerenga.

A Fainala anazindikira imodzi yokha, nambala 7, ili ndi chipsera cha moto m'mbali. "Ine ndimavina, bambo, sindiimba. Oimbawo akazigwira adzazidziwa. Koma panopa ali kuti? Aliyense ali pa nazale ya fodya ya bwana wake."

Atapita ndinapita kudzala kukatakasa phulusa ndi kamtengo. Ngati kuti phulusa lili ndi mtundu.

Lolemba, 9 Novembala

Ndafufuza m'makope onse a Ezelina, asanu ndi anayi. Mndandanda wa ng'oma mulibe. Muli zina. "Fredson wa ku Nsanje, mwana wake akutsokomola, kumbutsa adokotala." "Amayi a beni alibe nsapato zoyera, funsa ku mpingo." "Osaiwala kuseka nthabwala za akapitawo." Manambala a foni ambiri sakugwira.

Zolemba zake zopendekera kutsogolo, ngati zikuthamangira basi.

Ndinamudziwa akuphunzitsa ku pulayimale. Anabwera kudzabwereka mabenchi a mu laibulale, akuti ana ake achite sewero. Anabweza limodzi lothyoka mwendo, ndipo m'malo mopepesa anati, "Linathyoka ndi kuseka, muzinyadira." Atamusankha kukhala woyang'anira zaluso m'boma lino anamupatsa desiki ndi mpando wozungulira. Mpandowo ankaikapo chikwama. Iye pa njinga, m'maesiteti, m'misika, m'zipatala. Ena ankati gule wa m'boma la Kasungu ndi wa eni nthaka. Iye ankati amene amathyola fodya wa Kasungu avinenso pa Kasungu.

Ndinkadandaula. Ndilembe izinso. Chakudya chozizira, Lamulungu lopanda mkazi, anthu osawadziwa pakhonde m'mawa uliwonse. Ku chikondwererocho ndinapitako kamodzi kokha, ndipo ndinatenga buku. Anandiona ndikuwerenga kuseri kwa golo. Titafika kunyumba anati: "Linatha bwanji, a Mabuku? Anakwatirana?"

Anagwa akuphunzitsa sewero ku Chamama. Kuthamanga kwa magazi. Mapilitsi ake ndawapeza m'chikwama, paketi yosatsegula.

Ndakumbuka chinthu chimodzi. Chiyambire makuponi a feteleza, nyengo ino ankakhalira ku depoti. Ankati pamzere wa feteleza ndiye bwalo lalikulu kuposa onse, anthu mazanamazana, palibe angachoke. Ankapita ndi achisudzo ake n'kuseweretsa pomwepo, za edzi, za ana osiya sukulu kukasoka fodya. Uthenga uliwonse ankaufalitsira pamenepo.

Kwatsala masiku khumi ndi awiri.

Lachinayi, 12 Novembala

Ndinamata matayala dzulo, n'kupopa ndi pampu yobwereka. Lero ndinamanga nambala 19, kakang'ono kaja, pakaliyala, ulendo wa ku depoti.

Mzere kuchokera pageti mpaka kuseri kwa chigayo. Amayi ndi maambulera, abambo atakhalira njerwa, aliyense kuponi ili m'thumba la pamtima, dzanja likupitapita pomwepo. Lole ya feteleza sinafike kuyambira Lachiwiri. Nkhope zowawa.

Ndinaima pa chulu. Ndinakonza mawu m'njira, ndime zitatu. Nditatsegula pakamwa palibe anatembenuka. Ndiye ndinamenya kang'omako. Kanalira ngati chidebe.

Kuseka mzere wonse. "Aphunzitsi, feteleza sagula ndi ng'oma!" Wina: "Alekeni, mwina akuitana lole!" Mayi wina wonenepa: "Bambo inu, mukuimenya ngati yakuberani nkhuku. Isisiteni!"

Ndinafuna kukwera njinga n'kuthawa. Koma anali atatembenuka onse, ndiye ndinanena. Ndime zija zinathawa. Ndinangoti ndine mwamuna wa mayi Ezelina, ndasokoneza ng'oma za anthu, eni ake abwere pasanafike pa 21.

Phokoso linatsika kuyambira kutsogolo mpaka ku chigayo. Mayi wonenepa uja anati, "Amayi a masewero aja? Ndinu amuna awo? Ife tinkayesa alibe mwamuna."

Mawu amenewo ndabwera nawo kunyumba. Akhala pampando wake.

Vuto lina: matenanti ambiri makuponi alibe, mayina awo ali m'midzi ya kwawo kutali. Pamzere panalibe ndi mmodzi yemwe. Koma anthu anati akauza, ena amapita kukagwira ganyu m'maesitetimo. Ndalembanso makalata asanu opita kwa mabwana a maesiteti, Chingerezi chabwino, ndapatsira a kabaza.

Lamulungu, 15 Novembala

Kutchalitchi sindinapite, kuopa angandipeze kulibe. Ndinatulutsa benchi. Ndinaphika tiyi wambiri m'poto wamkulu. Kuyang'ana ku msewu, kulowa, kutuluka. Njinga iliyonse ndi iwo.

Wabwera mmodzi. A Yewo a ku Mzimba, oimba ng'oma za vimbuza, wamtali, wodekha. Anapempha moto wa mapesi pabwalo. Ng'oma iliyonse kuiwamba pang'ono, kuigogoda ndi zala, khutu pafupi. Zambiri anangozigwira n'kuzibweza. Pa nambala 4 anatseka maso. "Iyi njithu, adada." Chitumbuka, kunena kuti ndi yawo. Kenako 11, kenako 16. Zitatu zosiyana misinkhu. Ine ndinaziika kutalikutali, ngati anthu odana.

Anaziimba pang'ono zitatuzo, ziwiri iye, imodzi anandigwiritsa pakati pa mawondo. Kulira kwake kunandilowa m'mafupa a miyendo. Zaka khumi ndi chimodzi zili m'nyumba mwanga.

Anati enawo si kukana. Nazale imathiriridwa m'mawa ndi madzulo, Lamulungu lomwe. Wochoka popanda chilolezo cha kapitawo amaonedwa ngati wothawa. Ndipo mvula ikangogwa, basi, aliyense kuwokera, palibe angatuluke sabata yathunthu.

Zodziwika zinayi. Zotsala khumi ndi zisanu. Makalata aja yankho palibe. Tiyi ndamwetsa nkhuku.

Kum'mawa mitambo yayamba kuunjikana. Anthu onse akupempherera mvula. Ine ndekha m'boma lonse la Kasungu ndikupempha kuti idikire.

Lachitatu, 18 Novembala

Masiku awiri pa njinga. Matako, mawondo, msana. Ankatha bwanji?

Dzulo ndinafika pa esiteti ya a Fainala. Zigafa zopanda kanthu mizeremizere, minda yolimidwa kale mpaka kumene maso alekezera, ikungodikira. Kapitawo anandilandira ataimirira. Kalata yanga anaiona, ili m'thumba mwake, yopindidwa kanayi. "Bwana ali ku Lilongwe. Ine sindingalole." Basi.

Ndikutembenuza njinga, mkazi wake, a Ennie, anandikodola. Anali pamkeka akusenda mtedza wa mbewu. "Khalani apa. Mwalakwitsa n'kuyamba ndi pepala. Amayi aja tsiku loyamba sankapempha kanthu. Ankakhala pamene mwakhalapo, n'kumasenda, n'kumafunsa za ana. Bambo awa akadutsa kachitatu ndi amene ankafunsa okha kuti kodi mwadzera chiyani."

Ndinasenda. Maola atatu. Zala zanga za mapepala zinatupa. A Ennie kundiseka: "Mukusenda ngati mukuupepesa." Ndinafunsa za ana, poyamba mokakamiza, kenako ndinapezeka ndikumvetsera. Wamkulu amakonda kuwerenga, koma kunyumba kuli buku limodzi, la nyimbo. Kapitawo anadutsa kawiri. Kachitatu sanadutse.

Lero ndinabwereranso ndi mabuku atatu a mwanayo. Ndinasendanso. Cha m'ma 11 kapitawo anaima, nakanda m'mutu. "Loweruka masana, mvula ikapanda kugwa. Ndiuzanso anzanga a maesiteti enawo. Koma ikagwa musandidandaule."

Za Fredson ndi anzake a ku Nsanje palibe akudziwa. Ena akuti anasamukira ku Mchinji.

Lachinayi, 19 Novembala

Yagwa. Kuyambira 2 koloko masana, yamphamvu, ya fungo lija. Ana a anansi kuvina pabwalo. Ine pakhonde, manja m'thumba.

Mawa m'bandakucha dziko lonse likhala litawerama m'mizere.

Ndinalowa m'chipindamo n'kufufuta manambala onse ndi nsalu yonyowa. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinati pepa. Mokweza.

Lamulungu, 22 Novembala

Dzulo. Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa alamu anabwera ndi galimoto ya matola. Palibe tenanti anafika. Tinakweza zonse, ng'oma khumi ndi zisanu ndi zinayi pamwamba pa sutikesi. Zinayi zodziwika zija ndinazimanga chingwe pazokha. Njira yonse ya ku Lisasadzi, uku ndi uku anthu m'minda, mbande m'manja, matope mpaka m'mawondo.

Mwambo unayenda bwino. Azakhali ake a Ezelina, a Malita, ndi amene analankhula. Anati ndinamusunga bwino mwana wawo, sindinamutsekere m'nyumba ngati amuna ena. Ndinayang'ana pansi. Kusamutsekera ndi kusamuperekeza, kunja zimaoneka zofanana. Anati ndine womasuka. Sindinamve kumasuka kulikonse. Ndinamva ngati andichotsa pa shelefu.

Anagawa zitenje, makina, ziwiya. Ng'oma zili pansi pa mtengo wa mango, zikudikira nthawi yake. Dzuwa litapendeka alamu anati, "Alamu, tsiku ndi lomweli." Ndinati ndikudziwa.

Pamenepo lole. Ya feteleza, yopanda katundu, ikubwerera ku boma. Inaima pamsewu, anthu n'kuyamba kutsika kumbuyo. Oposa makumi awiri, matope ouma m'miyendo, ena fumbi loyera la feteleza m'tsitsi. A Fainala patsogolo. Anayamba kuwokera kusanache kuti amalize ndime zawo, ndipo a Ennie ndi amene anakaima pamsewu kuimitsa loleyo. Kapitawo akuti anayang'ana kumbali.

Analira kaye, monga mwa mwambo. Kenako moto wa mapesi.

A beni sanachedwe, zawo zitatu. Nkhondo inali pa a tchopa awiri aja, a ku Thyolo ndi a ku Phalombe, poti ng'oma zawo n'zofanana ngati mapasa. Pa imodzi anakanganirana zenizeni. "Iyi ndinasema ndine!" "Munasema inu? Inu amene simutha kusema ndi mpini womwe?" Anthu a pamwambo kuyamba kuseka, a Malita omwe. Mkulu wina wa ku Phalombe anati ailize pamodzi ndi zinzake, imene ikane ndiye si yawo. Anaiyesa ndi za ku Thyolo. Ngakhale ine ndinamva kuti ikutsutsa. Anaiyesa ndi za ku Phalombe, inalowa ngati mwana m'nyumba ya amake. Wa ku Thyolo anakweza manja: "Tengani, ndi yamwano ngati eni ake."

Kuyesa kunasanduka kuimba. Palibe analamula. Alamu anayang'ana a Malita, a Malita anangomanga chitenje m'chiuno. Buku ndinalibe. Ndinaona zonse.

Zinatsala zitatu. Za Fredson. Alamu anati, "Ndinanena kuti zotsala ndi za mlongo wanga, ndipo sindisintha. Zikhala kuno. Koma wa matebulo uja adikire mpaka fodya alowe m'zigafa. Mukampeza mwini wake, abwere adzaziimbe ndimve."

Ndinaganiza kuti zatha. Ndinayamba kutsanzika. A Fainala anandigwira mkono wa malaya. "Nanga mukupita kuti? Ife tizisunga kuti zimenezi? M'tinyumba tathu tija, ndi mvula imeneyi?"

Ndinati mwina ndibwerera ku Ntchisi.

"Ku Ntchisi kuli chiyani? Chipinda chija chilipo, si choncho?"

A Malita anatenga chimodzi mwa zitenje zimene anagawiridwa, n'kupempha zina kwa anzawo. Kung'amba ndi mano. Chofiira, chobiriwira, chachikasu, choyera. Zonse ndikuzidziwa. Chachikasucho Ezelina anavala tsiku lobweza benchi lija. Gulu lililonse linamanga zake. A Fainala pomanga yomaliza: "Ndipo bambo, tsache lanu lizithera pakhomo."

Ndabwera nazo khumi ndi zisanu ndi imodzi, pa matola omwe aja.

Lachiwiri, 24 Novembala

Milu inayi m'chipinda. Pansi pa zenera ndasiya malo a mulu wachisanu. Maso anga akuyabwabe akaona yaikulu itatsamira kakang'ono. Ndikutseka chitseko n'kuchoka.

Kalata ya ku Ntchisi ndinaiyamba, mizere iwiri. Ili pa tebulo.

M'kope lachisanu ndi chiwiri, pansi pa za mwana wotsokomola uja, muli mawu ena amene ndinawadumpha: "Mlamu wake wa Fredson amakonza njinga pa Santhe." Dzina palibe. Okonza njinga pa Santhe angakhale angati? Ndikafika sindifunsa kanthu tsiku loyamba. Tayala lakumbuyo lili ndi pomata pokwanira kukhalira maola atatu.

M'mawa uno pakhonde panali anthu awiri osawadziwa. Akuti ndi achisudzo a ku Chamama, sewero lija analisiyira pakati, ndiye amafunsa ngati chikondwerero cha Ogasiti chilipo. Ndinati ine ndine wa mu laibulale chabe, za masewero sindidziwa. Anati iwo sanafunse zimenezo.

Akadali pabenchi. Madzi a tiyi awira. Pampu ya njinga sindikuiona, kaya anaisiya kwa ndani mkazi ameneyu, ndiyambe ndafunsa kwa anansi.